Mayi Wothawa Nkhondo Akakuululirani za Nkhanza: Zoyenera Kuchita Kuno ku Mzuzu

Pali funso limodzi limene amayi a Umanyano (gulu la amayi a mu mpingo), atsogoleri a miphakati, eni nyumba za lendi ku Chibavi ndi ku Mchengautuwa, ngakhalenso anyamata a kabaza akhala akundifunsa mobwerezabwereza chiyambire kuyenda ndi amayi ochitiridwa nkhanza mumzinda uno. Funsolo ndi lakuti: “Mayi wina wothawa nkhondo wandiululira zimene amuna a mfuti anamuchita, kodi ndiyambire pati?” Ndakhala ndikuliyankha pa foni, panja pa tchalitchi ndi mu minibasi, koma yankho la pakamwa limafupika, ndipo zimene zimatsalira nthawi zambiri ndi zofunika zenizenizo. N’chifukwa chake ndaganiza zolemba zonse kamodzi, mwa ndondomeko yake.

Kuno kulibe nkhondo, koma msewu wa M1 umatibweretsera anthu amene nkhondo yawapirikitsa. Ambiri othawa kum’mawa kwa dziko la Democratic Republic of Congo ndi ku Burundi amadutsa ku Tanzania, n’kulowa pa Songwe ku Karonga kapena m’njira za ku Chitipa, ali pa ulendo wa ku Dzaleka m’boma la Dowa. Msasa wa Dzaleka unatsegulidwa mu 1994 pa malo amene kale anali ndende, unakonzedwera anthu pakati pa 10,000 ndi 12,000, koma lero muli anthu opitirira 50,000. Mzuzu uli pakati pa njirayo, ndipo ena amaima pano chifukwa ndalama zawathera, ena adwala, ena anakwatiwa konkuno. Ife timangowatcha onse “Maburundi”, koma dzinali ndi losokeretsa, pakuti ambiri a ku Dzaleka ndi a ku Congo, kumene gulu la zigawenga la M23 linalanda mzinda wa Goma mu Januwale 2025 ndi wa Bukavu mwezi wotsatira. Kudziwa kumene mayi wachokera kudzakuthandizani pa nkhani ya chilankhulo, monga mudzaonera m’munsimu.

1. Yambani ndi malo ndiponso thupi lake

Musalole kuti nkhani yotere ikambidwe pa mjigo, pa khonde kapena pamaso pa ana. Lowani naye m’chipinda, koma mufunse kaye ngati akufuna kuti chitseko chitsekedwe, chifukwa kwa munthu amene anatsekeredwapo m’nyumba ndi anthu a mfuti, loko wa chitseko si chitetezo. Mupatseni madzi, chakudya ndi chofunda, makamaka m’miyezi ya Juni ndi Julayi pamene kuzizira kwa kuno kumamulowa m’mafupa munthu wongofika kumene. Kenako funsani ngati amene anamuchitira nkhanza akudziwa kumene akugona usiku uno. Ngati akudziwa, malo ogona ndiwo oyamba kukonza. Ngati ndinu bambo, muuzeni kuti mwamva ndipo mwakhulupirira, ndipo mumufunse ngati angakonde kuti muitane mayi mmodzi amene iye angamusankhe.

2. Funsani za tsiku, osati za mmene zinachitikira

Funso limodzi lokha ndilo muyenera kufunsa mosazengereza: “Mayi, kodi zimenezi zachitika liti komaliza?” Anthu ambiri amaganiza kuti nkhanzazo zinathera ku nkhondo zaka zapitazo, osadziwa kuti amayi ambiri amagwiriridwanso pa njira, ndi owaolotsa malire, ndi oyendetsa magalimoto a katundu, kapena ndi amene anawalemba ganyu konkuno.

Tsiku ndi lofunika chifukwa mankhwala ali ndi malire a nthawi. Mankhwala oteteza ku kachilombo ka HIV, amene kuchipatala amawatcha PEP, ayenera kuyambidwa pasanathe maola 72, ndiko kuti masiku atatu, ndipo amamwedwa kwa masiku 28 osadumphitsa. Mapiritsi olera a pangozi amagwira ntchito mpaka maola 120, koma mphamvu yake imachepa tsiku lililonse limene ladutsa. Kuchipatala amaperekanso mankhwala a matenda opatsirana pogonana monga chindoko ndi chinzonono, amasamalira mabala, ndiponso amaona za katemera wa kafumbata. Pa chipatala chachikulu cha Mzuzu pali One Stop Centre, malo amene azachipatala, apolisi ndi a zosamalira anthu amagwirira ntchito pamodzi kuti munthu asamayendeyende m’maofesi ndi nkhani yake. Cholakwika chimene ndimachiona kawirikawiri ndi kutaya tsiku lathunthu pofunafuna kalata ya ku polisi, kapena kudikira kuti Lolemba lifike. Pitani kuchipatala kaye, zina zidzatsatira.

Ngati nkhanzayo yangochitika kumene ndipo mayiyo angathe kupirira, ndi bwino kupita asanasambe, ndipo zovala zimene anavala zikulungidwe m’pepala, osati m’jumbo, chifukwa chinyezi cha m’pulasitiki chimaononga umboni. Koma ngati wasamba kale, musamudzudzule ndipo musasiye ulendowo. Ngakhale patapita miyezi kapena zaka, chipatala chikadali ndi ntchito: kuyezetsa magazi, sikelo ngati ali woyembekezera, ndi vuto la kudontha mkodzo kapena chimbudzi kosalekeza lotchedwa fistula, limene amayi ambiri amalibisa poyesa kuti ndi temberero, chonsecho limachizika ndi opaleshoni, monga amachitira ku Bwaila ku Lilongwe.

3. Mvetserani, ndipo pakamwa panu muzipasamala

Inu sindinu wapolisi kapena woweruza, choncho simukusowa kudziwa kuti anali angati, anamugwira pati, kapena chifukwa chimene sanakuwire. Musiyeni anene zimene akufuna kunena, ndipo akakhala chete inunso khalani chete. Nkhani yake ikamasinthasintha, lero akuti linali Lachiwiri, mawa akuti kunali usiku wa Sabata, musafulumire kunena kuti akunama, pakuti mantha aakulu amasokoneza ndondomeko ya zimene munthu amakumbukira. Mawu oyenera kuchoka pakamwa panu ndi ochepa: kuti mwamukhulupirira, kuti mlandu si wake, ndi kuti wachita bwino kunena. Mawu akuti “ingoiwalani”, “zinali zolembedwa” kapena “khululukani kuti Mulungu akudalitseni” asungeni. Ine ndine wopemphera, koma ndaona kuti kukhululuka kokakamizidwa pa tsiku loyamba kumangomutseka munthu pakamwa.

Asanafike patali, muuzeni malire a chinsinsi chanu, kuti simudzauza munthu popanda chilolezo chake, kupatula ngati moyo wa wina uli pa chiswe kapena ngati nkhaniyo ikukhudza mwana. Mukalonjeza, sungani ndithu. Gulu lina la amayi limene ndinali nalo linamupempherera mayi wina mokweza pa msonkhano wa pakati pa sabata, kutchula dzina lake ndi zimene zinamuchitikira, ndi mtima wabwino wokhawokha. Sabata isanathe, nkhani inali itafika pa msika, ndipo mayiyo anasamuka usiku osatsanzika. Sitinamuonenso. Chimodzimodzinso zithunzi: musamujambule, ndipo musaike nkhani yake pa gulu la WhatsApp popempha thandizo, ngakhale mutabisa dzina, chifukwa m’dera limene muli mayi mmodzi yekha wolankhula Chiswahili, aliyense adziwa kuti mukunena yani.

4. Sankhani womasulira mosamala

Apa ndi pamene ambiri amapunthwa. Mayiyo mwina sadziwa Chichewa kapena Chitumbuka, ndipo nzeru yofulumira imakhala yothamangira kwa “Mburundi” wa pa golosale kuti adzamasulire. Kumbukirani kuti nkhondo za kumeneko zinagawa anthu m’mitundu ndi m’zilankhulo, kotero kuti munthu amene inu mukumuona ngati m’bale wake angakhale wa mbali imene inamupweteka, kapenanso wodziwana ndi apongozi ake. Mufunseni mayiyo chilankhulo chimene akufuna, kaya Chiswahili, Chikirundi, Chikinyarwanda kapena Chifalansa, ndiponso ngati akumuvomera munthu amene mwamuganizirayo, ndipo mumufunse womasulirayo asanafike. Kuno tili ndi mwayi wakuti amayi ambiri a geni ya ku Tanzania, monga a mu msika wa Taifa, amalankhula Chiswahili, ndipo nthawi zina Mmalawi wosadziwana ndi aliyense wa kwawo amamumasula mayiyo kuposa mnzake wa dziko limodzi. Mwana wake asakhale womasulira, ngakhale atadziwa Chichewa bwanji.

5. Akakana

Malangizo ambiri amanena kuti mupite naye kuchipatala ndi ku polisi, n’kuthera pomwepo, ngati kuti aliyense amavomera. Zoona zake n’zakuti amayi ambiri amakana, ndipo pamenepa ndi pamene wothandiza amayesedwa. Mwamva nkhani yowawa, mtima wanu wadzaza ukali, mukudziwa kuti maola akutha, ndipo iye akungopukusa mutu.

Musanakhumudwe, funsani modekha chimene akuopa, chifukwa kukana kulikonse kuli ndi chifukwa chake. Wina amaopa yunifomu iliyonse, popeza amene anamugwirira anali atavala yunifomu. Wina alibe mapepala ndipo akuganiza kuti akangofika pa kauntala ya polisi amangidwa. Mantha amenewa si opanda maziko, pakuti mu Meyi 2023 boma linasamutsa othawa kwawo amene ankakhala m’matauni kuwabwezera ku Dzaleka, ndipo ambiri anataya mabizinesi awo. Wina mwamuna wake sakudziwa, ndipo akuopa kuti akadziwa banja litha, chifukwa m’madera ambiri mkazi wogwiriridwa amathamangitsidwa ngati kuti ndiye wolakwa. Wina ali ndi mwana wobadwa m’nkhanzazo amene sanamuuze za bambo ake. Mukadziwa chimene akuopa, mudzapeza kuti nthawi zambiri sakukana zonse, akukana chinthu chimodzi chimene m’maganizo mwake chalumikizana ndi zina zonse.

Choncho ntchito yanu ndi kulekanitsa zinthuzo. Mufotokozereni kuti kulandira mankhwala ndi nkhani ina, kutsegula mlandu ndi nkhani inanso, ndipo munthu wamkulu ali ndi ufulu wosankha choyamba n’kuyamba waganizira chachiwiri. Muuzeni momveka, kamodzi kapena kawiri, za maola 72 aja ndi chimene chimatayika akadutsa, osamuopseza ndi imfa kapena kumuchititsa manyazi. Mupatseni njira zing’onozing’ono zoti asankhe: kupita m’mawa kwambiri anthu asanachuluke, kupita ndi inu kapena ndi mayi wina, kupempha kuti amuone namwino wamkazi, kunena kunyumba kuti akukayezetsa malungo. Ngati akufuna kulankhula ndi munthu amene sadzamuona nkhope, pali nambala yaulere ya 5600 ya nkhani za nkhanza, imene bungwe la YONECO limayendetsa. Muuzeninso kuti ku polisi kuli nthambi ya Victim Support Unit, imene inakhazikitsidwa kuti nkhani zotere zisamakambidwe pa kauntala pamaso pa aliyense, ndipo ngati angadzafune, mudzapita naye.

Akakanabe zonsezi, landirani. Ndikudziwa kuti mawu amenewa ndi olemera, ndipo ine ndemwe ndinagonapo osapeza tulo nditawerenga maola mpaka kukwana 72. Koma ganizirani chimene nkhanza inamulanda mayiyu: ananena kuti ayi, ndipo ayi wakeyo sanamveke. Inu mukamukoka dzanja kupita naye kumene sakufuna, kapena mukapita mwamseri kukanena kwa apolisi, kwa abusa kapena kwa mwamuna wake, mwamuonetsanso kuti mawu ake alibe mphamvu, ngakhale cholinga chanu chili chabwino. Zimene ndaona n’zakuti mayi amene kukana kwake kwalemekezedwa amabweranso, mawa kapena mwezi wa mawa, ndipo amabwera atasankha yekha, pamene amene wakakamizidwa amasowa. Muuzeni kuti khomo lanu ndi lotsegula, mugwirizane tsiku loti mudzaonanenso, ndipo pa tsikulo musayambe ndi funso lakuti “mwaganiza bwanji”. Kuona maso a nkhono n’kudekha.

Pali nthawi zitatu zokha zimene simuyenera kudikira. Yoyamba ndi pamene wochitiridwa nkhanzayo sanakwane zaka 18, popeza malamulo a dziko lino, kuyambira pamene anakonzedwa mu 2017, amati ameneyo ndi mwana, ndipo nkhani yake iyenera kufika kwa a zosamalira anthu, kwa apolisi, kapena pa nambala yaulere ya ana ya 116. Yachiwiri ndi pamene akutaya magazi kwambiri, akukomoka kapena watentha thupi koopsa. Yachitatu ndi pamene akunena zodzipha, kapena wina wamuopseza kuti amupha. Ngakhale pamenepa, muuzeni chimene mukuchita ndi chifukwa chake musanachite.

Chinthu china chimene muyenera kukana ndi kukambirana kwa m’mudzi. Ngati wolakwayo ndi wa konkuno, abale ake adzabwera ndi ndalama kapena mbuzi kuti nkhani ithere pa bwalo la mfumu kapena kwa ankhoswe, podziwa kuti mlendo alibe womuimira. Kugwirira ndi mlandu waukulu pa malamulo a Malawi, kaya wogwiriridwayo ndi nzika kaya ndi wothawa kwawo, ndipo suthetsedwa ndi chipepeso. Ngati wozunzayo ndi mwamuna wake, lamulo loletsa nkhanza za m’banja la 2006 limapatsa khoti mphamvu yopereka chiletso chomuteteza. Mayiyo angasankhe kusatsegula mlandu, koma inu musakhale mkhalapakati wogulitsa nkhani yake.

6. Nenani zoona pa nkhani ya mapepala

Musalonjeze zimene simungathe, monga kumupezera chitupa cha unzika kapena ulendo wa kunja. Dziko lathu, motsatira lamulo la othawa kwawo la 1989 ndi ndondomeko za boma, limafuna kuti othawa kwawo akhale ku msasa, ndipo amene amalembetsa ofuna malo obisala ndi nthambi ya boma yoona za othawa kwawo mogwirizana ndi bungwe la United Nations loona za othawa kwawo la UNHCR. Kumubisa mayi m’nyumba mwanu kwa miyezi kungaoneke ngati chifundo, koma kumamusiya wopanda dzina pa buku lililonse, ndipo munthu wotero ndi amene aliyense amamudyera masuku pamutu. Muthandizeni kumva za ufulu wake ku ofesi ya zosamalira anthu kapena ya Legal Aid Bureau, yothandiza anthu osauka pa nkhani za malamulo, konkuno ku Mzuzu, ndipo ngati akupita ku Dzaleka, onetsetsani kuti watenga buku lake la kuchipatala ndi mankhwala okwanira, makamaka ngati ali pakati pa masiku 28 a PEP kapena akumwa ma ARV.

Muchenjezeni za anthu olonjeza kumufikitsa ku Johannesburg kapena kumupezera ntchito ya m’nyumba atawasungitsa mapepala ake. Kuzembetsa anthu ndi mlandu pa lamulo la 2015, ndipo ife a kumpoto sitinaiwale mitembo pafupifupi 30 ya anthu oganiziridwa kuti anali ochokera ku Ethiopia imene inapezeka m’nkhalango ya Mtangatanga ku Mzimba mu Okutobala 2022.

7. Za ndalama ndi kudziimira payekha

Dokotala Denis Mukwege, amene anayambitsa chipatala cha Panzi ku Bukavu ndipo analandira mphoto ya mtendere ya Nobel mu 2018 pamodzi ndi Nadia Murad, amadziwika chifukwa chakuti chipatala chake sichithera pa kuchiza thupi. Chimaphatikiza uphungu, thandizo la malamulo ndi njira zopezera ndalama, pozindikira kuti mayi amene alibe chakudya amabwerera kwa womuzunza. Ife tilibe chipatala chotero, koma mfundoyo tingaitsate.

Yambani pofunsa chimene amadziwa kale, m’malo momusankhira. Amayi ambiri a ku Congo ndi akatswiri osoka zovala za zitenje ndi oluka tsitsi, ena anali aphunzitsi kapena anamwino kwawo, ndipo n’kulakwa kuganiza kuti aliyense ayenera kukazinga mandasi. Kwa amene akupita ku msasa, luso limene angayende nalo ndi zipangizo zonyamulika zimaposa benchi ya pa msika imene malamulo sangamulole kukhala nayo. Kwa amene ali ndi chilolezo chokhala kuno, banki mkhonde ndi khomo labwino, koma alowe monga membala wina aliyense, osati m’gulu lapadera lotchedwa “la ogwiriridwa”, chifukwa dzina lokhalo ndi chizindikiro chimene adzayenda nacho mumsewu. Musamupatse ngongole m’miyezi yoyambirira pamene sakugona bwino ndipo maganizo ali balalabalala, pakuti geni ikagwa adzathamangira kwa akatapila. Mpamba wochepa wongomupatsa umaposa ngongole yaikulu. Mufunseninso mwamseri kuti ndalamazo akafika nazo kunyumba adzazisunga ndani, chifukwa m’mabanja ena ndalama za mkazi zimabutsa nkhanza zatsopano, ndipo mwina ndi bwino zisungidwe ku gulu kapena mu foni yake. Ndipo thandizo lanu lisakhale ndi mtengo wobisika, monga kulowa mpingo wanu kapena kuchitira umboni pa guwa.

8. Miyezi yotsatira

Mabala a m’thupi amapola msanga kuposa a m’maganizo. Mudzaona kuti amadzidzimuka ndi makombola a pa Khirisimasi, amalota zoopsa, amakwiyira ana popanda chifukwa, kapena amadandaula mutu ndi m’mimba pamene kuchipatala sakupeza matenda. Zimenezi si misala ndipo si ziwanda, ndi mmene thupi limakumbukirira zoopsa. Zikapitirira mwezi osachepa, zikamamulepheretsa kudya, kugona kapena kusamala ana, kapena akayamba kumwa mowa kuti aiwale, muthandizeni kukaonana ndi aphungu. Mzinda wathu uli ndi mwayi wokhala ndi a St John of God, amene ntchito yawo yeniyeni ndi ya thanzi la m’maganizo. Ambiri amaopa kuonedwa akulowa kumeneko, choncho mufotokozereni kuti kumapita anthu a mavuto osiyanasiyana, ndipo mumuperekeze ulendo woyamba.

Inunso mudzatopa. Pezani munthu mmodzi wodziwa ntchitoyi, monga phungu kapena wa zosamalira anthu, woti muzimuuza mmene mukumvera popanda kutchula dzina la mayiyo. Ngati mukulemba masiku a mankhwala kapena a kuchipatala kuti musaiwale, lembani m’kabuku kosiyana ndi ka banki mkhonde, muike chizindikiro m’malo mwa dzina, ndipo mukasunge pamene ana ndi alendo safikapo.